Kusintha ma tie rod end pa galimoto yakale yokoka ndi matayala onse anayi

Funso: Ndili ndi Land Cruiser 80 ya 1994. Masiku ano chiwongolero chimayamba chayenda pang'ono matayala asanatembenuke, pamsewu wowongoka galimoto imangoyendayenda, ndipo pa mabampu ndimamva kugogoda kutsogolo. Matayala akutsogolo akutha m'mphepete. Wina wandiuza kuti vuto ndi ma tie rod end, ndipo ndikufuna kusintha ndekha. Kodi ndisinthe onse kapena okhawo amene atha? Ndingawazule bwanji popeza agwira dzimbiri? Nanga n'zoona kuti ndikawerenga mazinga pomasula n'kubwezera chimodzimodzi, alignment, kutanthauza kulunjikitsa matayala, sifunikanso?

Yankho: Ntchito imeneyi mungaithe nokha, ndipo zida zake si zambiri, koma muigwire mukudziwa kuti chitsulo chimene mukumasulacho ndicho chimalumikiza manja anu ndi matayala. Injini ikafa galimoto imangoima, pamene tie rod end ikazuka galimoto ili paliwiro, tayala limaloza kumene lafuna ndipo chiwongolero sichilamulanso kanthu. N'chifukwa chake ndichedwa kwambiri pa zinthu zimene anthu ambiri amazithamangira, zomwe ndi kutsimikiza chimene chathadi musanagule kanthu, kuona mmene chitsulo chatsopano chakhalira m'bowo mwake, ndiponso kuyeza musanamasule ndi mutamanga.

Poyamba timvane za zimene zili kunsi kwa galimoto yanu. Land Cruiser 80 ili ndi ekiselo yathunthu kutsogolo, monganso Land Cruiser 70, Nissan Patrol Y60 ndi Land Rover Defender. Mukapotoza chiwongolero, steering box, bokosi la magiya limene lili kumapeto kwa chitsulo cha chiwongolero, imasuntha mkono waufupi wotchedwa pitman arm, ndipo mkonowu umakoka kapena kukankha ndodo yoyamba, drag link, imene mabuku a Toyota amaitchula relay rod, mpaka pa mkono wa tayala limodzi. Ndodo yachiwiri, imene ndiyo tie rod yeniyeni, imachoka pa tayala limenelo kupita pa linzake kuti awiriwo azitembenukira pamodzi, ndipo pa galimoto yanu imadutsa kumbuyo kwa ekiselo. Ndodo iliyonse ili ndi mfundo kumapeto onse awiri, choncho mfundo zonse ndi zinayi, ndipo ngakhale anthu amazitchula zonse kuti ma tie rod end, sizifanana ndipo sizisinthanitsidwa malo. Sungani izi m'mutu chifukwa tidzazibwerera: utali wa tie rod ndiwo umalamula ngati matayala awiriwo akuloza mofanana, pamene utali wa drag link umangolamula ngati chiwongolero chili pakati galimoto ikamayenda mowongoka. Amene ali ndi galimoto zimene tayala lililonse lakutsogolo limadzinyamula palokha, monga Pajero yakale kapena Isuzu Trooper, adzapeza ndodo yapakati ndi idler arm ndiponso mfundo zochulukirapo, koma zambiri zimene ndikunena pano zikuwakhudzanso.

Mfundo iliyonse ndi mutu wachitsulo wobulungira umene umazungulira m'kachikho, monga mmene fupa la ntchafu limakhalira m'chiuno mwa munthu. Pa mutuwo pali chikhomo chonenepa kumunsi ndi chowonda kumapeto, chimene chimalowa m'bowo la mkono wa tayala, lomwenso linabooledwa mosongoka chimodzimodzi. Pamwamba pa kachikho pali labala yosunga girisi ndi kutchinga madzi. Pafupifupi nthawi zonse imfa ya mfundoyi imayambira pa labala imeneyo: ikang'ambika, madzi ndi mchenga zimalowa, girisi amasanduka phala lonolera, ndipo mutu umayamba kugwedera m'kachikho mwake. Galimoto imene imawoloka mitsinje ndi kuyenda m'matope imafulumiza zimenezi, ndipo matayala akuluakulu kuposa amene inabwera nawo, kapena masipuling'i oikweza, zimawonjezera katundu ndi kupendeka kwa mfundozo.

Zizindikiro zimene mwatchula zikugwirizana ndi ma tie rod end otha, koma zikugwirizananso ndi zinthu zina zinayi kapena zisanu, ndiye musakhulupirire mawu a munthu aliyense, ngakhale anga, musanaone ndi maso anu. Imikani galimoto pamalo athyathyathya, matayala onse ali pansi, ndipo mupemphe mnzanu kuti azigwedeza chiwongolero uku ndi uku mwamphamvu koma pang'onopang'ono, osachizungulitsa kwambiri. Matayala akhale pansi chifukwa kulemera kwa galimoto ndiko kumawagwira kuti kugwedera konse kuonekere m'mfundo. Inu mugone kunsi, muyambire pa steering box, n'kumatsata ndodo mfundo ndi mfundo. Gwirani mfundo iliyonse ndi dzanja moti chikhatho chikhudze kachikho ndipo zala zikhudze mkono umene chikhomo chalowamo. Mfundo yabwino imasuntha pamodzi ndi mkono ngati chitsulo chimodzi, pamene yotha mumaimva ikugunda m'dzanja, ndipo nthawi zina mumaona kachikho kakudumphira m'mwamba kapena m'munsi kasanakoke mkonowo. Ndodo ikamatembenuka pang'ono mukaipotoza ndi dzanja si vuto, chifukwa ndiyo ntchito ya mutu wobulungira. Vuto ndi kusuntha motsata utali wa ndodo, kapena kukwera ndi kutsika.

Mudakali kunsiko, onetsetsani zinthu zina zitatu. Onani ngati chitsulo chochokera ku chiwongolero chikuzungulira kwambiri pitman arm isanayambe kusuntha, chifukwa ngati zili choncho kugwederako kuli m'kati mwa steering box. Onani tchesisi pamene steering box yamangidwa, popeza pa Land Cruiser 80 zimene zayenda kwambiri m'misewu yoipa malo amenewa amadziwika kuti amachita ming'alu, ndipo mng'alu umaoneka ukutseguka ndi kutsekeka mnzanu akamagwedeza. Onaninso mabushi a panhard rod, ndodo imene imagwira ekiselo kuti isasunthire m'mbali, chifukwa akatha thupi lonse la galimoto limasuntha pamwamba pa ekiselo matayala asanatembenuke. Mukatero kwezani tayala limodzi ndi jeke, muligwire pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza. Likagwedera motero vuto lili pa mabering'i a tayala kapena a king pin, pamene tayala limatembenukira pokhota, osati pa tie rod. Kenako muligwire kutsogolo ndi kumbuyo kwake, ndipo kugwedera kumene mungamve pamenepo ndiko kumaloza ku mfundo za ndodo. Steering damper, imene imaoneka ngati shoko yogona chopingasa, siichiritsa kugwedera kulikonse. Yatsopano imangobisa matenda kwa kanthawi.

Pa funso lanu loyamba, maganizo anga ndi awa. Mfundo imodzi ikatha, sinthani zonse ziwiri za ndodo imeneyo. Zinayenda mtunda umodzi ndi kulandira mabampu omwewo, komanso simungachite alignment popanda kumasula mazinga a mbali zonse ziwiri za paipi ya ndodoyo, imene mfundo zimalowamo, ndiye ntchito yovutayo mudzaigwira ndithu. Ngati zonse zinayi zikuoneka za msinkhu umodzi ndipo malabala ake achita ming'alu, pa galimoto ya 1994 ine ndingasinthe zonse tsiku limodzi kuti ndiyeze kamodzi kokha. Mfundo imene ili yolimba koma labala yake yangong'ambika kumene mungaipulumutse posintha labala yokhayo, malinga mchenga usanalowe. Pogula musatengeke ndi kutchipa, chifukwa kunja zonse zimawala mofanana koma kusiyana kuli pa kuuma kwa mutu ndi mtundu wa labala, ndipo labala yoipa imang'ambika miyezi yochepa. Zimene zili ndi kabowo kopoperapo girisi n'zabwino kwa munthu amene amawoloka madzi ndipo amakumbukira kupopera, koma kwa amene sakumbukira, zotsekeratu za mtundu wabwino zimakhalitsa kuposa zopopera zimene zaiwalidwa. Musanamasule kanthu, yerekezani zatsopanozo ndi zakale: kunenepa kwa mazinga, mbali imene mazingawo akulowera, utali wa mwendo, ndi kukula kwa chikhomo.

Nkhondo ndi dzimbiri imayamba masiku awiri kapena atatu ntchito isanachitike. Tsukani matope, palani mazinga oonekera ndi burashi ya waya, ndipo m'mawa ndi madzulo muzithira mafuta omasulira dzimbiri pa manati, pa mabawuti a clamp, zomangira zimene zimafinya mapeto a paipi, ndi m'kamng'alu kamene kali kumapeto kwa paipi. Pa tsiku la ntchito, ngati malo akukwanirani, ndi bwino kusiya matayala ali pansi ataloza kutsogolo, chifukwa sasuntha mukachotsa ndodo ndipo galimoto singakugwereni. Mukafuna kuchotsa tayala kuti hamala ipeze malo, ikani ekiselo pa ma axle stand ndipo mutchinge matayala akumbuyo kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Musalowe kunsi kwa galimoto imene yangokhala pa jeke. Eni a Land Rover Defender asamale kwambiri pamenepa, chifukwa handibuleki yawo imagwira shafiti yochokera ku giya, osati matayala, moti tayala limodzi lakumbuyo likachoka pansi galimoto ikhoza kugubuduka ngakhale handibuleki ili yokoka.

Tsopano yezani. Tengani tepi, muyeze kuchokera pakati pa chikhomo chimodzi kufika pakati pa chinzake, ndipo mulembe nambalayo papepala. Ngati n'kovuta kufikira zikhomo, yezani kuchokera pakati pa chivindikiro cha kachikho kamodzi kufika pakati pa chinzake. Lembaninso ndi choko mbali ya paipi imene inali kumanja, ndi kumene mabawuti a clamp analoza. Gwirani ndodo imodzi mpaka ithe musanayambe inzake.

Dongosolo la kumasula limapulumutsa thukuta lambiri. Yambani ndi ma clamp, zikhomo zikadali m'malo mwake, ndipo muyese kupotoza paipi ndi pipe wrench kotala la kuzungulira n'kuibwezeranso. Panthawi imeneyi galimoto yomweyo ikukugwirirani mfundo zonse ziwiri molimba kuposa mmene vayisi iliyonse ingachitire. Kenako wongolani split pin, pini yotchinga nati kuti isamasuke, n'kuisolola. Ikakana chifukwa cha dzimbiri, iduleni mbali zonse ziwiri ndipo nati idzadula chotsalacho pomasuka. Masulani nati mpaka ifanane ndi mapeto a chikhomo, koma musaichotse, chifukwa imateteza mazinga ndipo imagwira ndodo kuti isakugwereni kumaso chikhomo chikamasuka mwadzidzidzi.

Apa ndi pamene anthu ambiri amataya mtima, chifukwa nati yamasuka koma chikhomo sichisuntha ngakhale pang'ono. Chimene chachigwira kwenikweni si dzimbiri, koma kusongoka kwake. Nati inachikokera m'bowo mwamphamvu mpaka zitsulo ziwirizo zinalumana, ndipo kulumana kumeneko ndiko kwakhala kukunyamula mphamvu yonse yokhotetsa galimoto zaka zonsezi. Chida choyenera ndi ball joint separator kapena puller, chimene chimakola mkono ndi kukankha mapeto a chikhomo ndi bawuti. Chimangeni mpaka chilimbe ndithu, ndipo ngati chikhomo sichinatuluke, siyani chidacho chili chomangika n'kumenya kamodzi mwamphamvu m'mbali mwa mkono, pamene pali bowo. Nthawi zambiri chimatuluka ndi phokoso lalikulu ngati china chathyoka, ndipo zimenezo zisakudetseni nkhawa. Popanda chidacho, hamala ziwiri zimagwira ntchito: yaikulu muigunditse mbali imodzi ya diso la mkono kuti ikhale ngati chotsamira, ndipo ndi inayo mumenye mbali yoyang'anana nayo. Kumenyako kumafinya bowo kwa kamphindi, ndipo kusongoka komwe kuja kumalavula chikhomo. Chofunika ndi kumenya kochepa koma kwamphamvu ndi kolunjika, osati kugogoda kambirimbiri.

Musamenye mapeto a chikhomo, chifukwa amaphwatalala, nati imakanirira, ndipo mphamvu yonse imapita kukapinda mkono kapena kuvulaza mabering'i a king pin. Pa pitman arm kumenya kulikonse kumafika m'kati mwa steering box, ndiye kumeneko gwiritsani ntchito puller basi. Chida chonga foloko chimene amachikhomera pakati pa mkono ndi mfundo chimagwira ntchito, koma chimang'amba labala, choncho n'choyenera pa mfundo yokhayo imene mukukaitaya. Moto usafike pa mkono wa tayala kapena pa pitman arm, popeza zitsulo zimenezi zinaumitsidwa mwapadera popangidwa, ndipo kuzitenthetsa mpaka kufiira kumazichotsa mphamvu m'njira imene maso sangaone.

Ndodo ikachoka, imangeni pa vayisi n'kuyamba kumasula mfundo m'paipi. Kumbukirani kuti mbali imodzi ili ndi mazinga akumanja ndipo inayo ili ndi akumanzere, zomwe zinapangidwa dala kuti kupotoza paipi kuzitalikitsa kapena kufupikitsa ndodo popanda kuzula zikhomo. Ambiri amalimbana ndi mfundo ya mazinga akumanzere kwa ola lathunthu akuimanga m'malo moimasula, ndiye muyang'ane kupendeka kwa mazinga oonekera musanaike mphamvu. Ikakanirira, gonekani mapeto a paipi pa chitsulo cholemera n'kumagogoda mozungulira kuti dzimbiri lam'kati lisweke, muwonjezere mafuta, ndipo muzipotoza uku ndi uku pang'onopang'ono. Kutenthetsa pang'ono mapeto a paipi n'kololedwa, koma moto ukhale kutali ndi kachikho, chifukwa girisi wotsekeredwa m'kati akatentha akhoza kuphulitsa mutu wa mfundo ndi mphamvu yovulaza munthu. Werengani maulendo amene mfundo yazungulira potuluka, pakuti nambalayo ikuthandizani poyambira. Paipi ikatsala yokha, igubuduzeni pamalo osalala kuti muone ngati ili yowongoka, ndipo muunike m'kati kuti muone mazinga. Yopindika kapena yodyeka ndi dzimbiri muisinthe. Musaiwongole ndi moto kapena kuiwotcherera, chifukwa ndodo imene inapindikapo imadzapindikanso pamalo omwewo ikagundidwa pang'ono pokha.

Gawo lotsatirali ndi limene ndimalitenga kukhala lofunika kuposa onse, ngakhale limatenga mphindi zisanu zokha. Pukutani bowo la mkono mpaka liyere, opanda dzimbiri, penti kapena girisi, ndipo mulowetse chikhomo chatsopano ndi dzanja lokha. Chiyenera kukhala nji, osagwedera mukachikankhira m'mbali. Chikamagwedezeka ngati dzino lofuna kuguluka, ndiye kuti kusongoka kwake sikukugwirizana ndi bowolo, kapena bowolo linakula ndi kukhala ngati dzira chifukwa galimoto inayendapo ndi nati yokhwepa. Onaninso mbali ya mazinga: gawo losalala la chikhomo lisatulukire kunja kwa mkono, chifukwa likatulukira nati idzafika pamapeto a mazinga isanakoke chikhomo, ndipo sipanala idzakuuzani kuti mwamanga pamene simunamange kanthu. Zimenezi sizikonzedwa ndi mawashala, kachidutswa ka chitini kapena kumanga mopitirira. Ngati vuto ndi mfundo yolakwika, ibwezeni. Ngati ndi bowo, mkono wonsewo usinthidwe. Chikhomo chimene sichinalumane bwino ndi bowo chimapindikapindika pang'ono paulendo uliwonse mpaka tsiku lina chimathyokera m'munsi mwa nati popanda chenjezo. Pa galimoto yanu, mukadali pamenepo, yesaninso manati anayi amene amagwira mkonowo kunsi kwa knuckle, chitsulo chimene tayala limatembenuka nacho pokhota, chifukwa nawonso amadziwika kuti amakhwepa.

Pomanga, pakani girisi wa kopa pa mazinga olowa m'paipi kuti tsiku la alignment adzatembenuke, koma chikhomo ndi bowo lake zikhale zouma. Bwezerani ma clamp pa paipi musanalowetse mfundo. Lowetsani mfundo zonse ziwiri mofanana, moti mazinga otsala kunja akhale ofanana mbali zonse, kufikira utali wa pakati pa zikhomo ufanane ndi nambala imene munalemba ija. Mbali imodzi ikalowa kwambiri, inayo imatsala itagwira ndi mazinga ochepa, ndipo kumeneko ndiko ndodo imadzasololokera. Ikani zikhomo m'mabowo, mumange manati ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu ya kumanga, molingana ndi buku la galimoto yanu. Nambala zimenezi zimasiyana kwambiri: pa Land Cruiser 80 ndi pafupifupi 90 Nm, pamene pa Defender ndi pafupifupi 40 Nm, ndiye kungomanga ndi mphamvu ya dzanja kukhoza kupitirira pa galimoto ina ndi kuperewera pa ina. Nati ikafika pa mlingo wake koma mipata yake sinalunjike ndi kabowo ka pini, pitirizani kumanga pang'ono mpaka zilunjike. Musabwerere m'mbuyo ngakhale pang'ono, chifukwa kubwerera kumamasula kulumana kuja. Split pin ikhale yatsopano ndi yodzaza kabowo kake, osati msomali kapena waya. Mfundo zina zimabwera ndi nati ya nayiloni m'kati yosafuna pini, ndipo pomanga chikhomo chimakonda kuzungulira pamodzi nayo. Zikatero kanikizani kachikho kuti chikhomo chilume m'bowo, kapena muyambe mwachikoka ndi nati wamba kenako n'kuikapo yanayiloniyo, imene siyenera kugwiritsidwanso ntchito kachiwiri.

Tafika pa funso lanu lachitatu, ndipo yankho lake ndi lakuti ayi, kuwerenga mazinga sikukwanira. Opanga osiyanasiyana amasiyanitsa utali wa mwendo wa mfundo, moti maulendo 20 pa yakale sapereka utali womwewo pa yatsopano. Komanso utali wakalewo mwina unali wolakwika kale, ndipo matayala anu otha m'mphepete akuchitira umboni zimenezo. Chifukwa chachikulu, komabe, ndi masamu a mkono. Mazinga ofala pa zitsulo zimenezi amatalikirana mamilimita 1.5, ndiye kuphonya ulendo umodzi pa mfundo imodzi kumasintha ndodo ndi mamilimita 1.5. Tiyerekeze kuti mkono ndi wotalika mamilimita 200 ndipo tayala ndi lotalika mamilimita 800 kuchokera pansi kufika pamwamba. Kusintha kwa pa ndodo kumachulukitsidwa kanayi pofika pa matayala, ndipo mamilimita 1.5 aja amasanduka 6. Tsono mlingo wonse umene Land Cruiser 80 imafuna ndi toe-in ya pafupifupi mamilimita 2, kutanthauza kuti kutsogolo kwa matayala kukhale kofupikirana ndi mamilimita 2 okha poyerekeza ndi kumbuyo kwake. Defender imafuna zosiyana, toe-out ya pakati pa 0 ndi mamilimita 2. Kuphonya ndi mamilimita 6 kumachititsa kuti matayala azikhula msewu chammbali pa mita iliyonse imene mwayenda.

Mungayeze nokha mokwanira kuti mukafike bwino kumalo a alignment. Galimoto ikhale pamalo athyathyathya, mpweya wa matayala awiriwo ukhale wofanana, ndipo muikankhire kutsogolo mamita angapo matayala ataloza mowongoka. Kumbuyo kwa tayala lililonse, pa msinkhu wa pakati pa wilo, matani katepi pamene tayala limaponda n'kujambulapo kamzere kowonda. Yezani mtunda wa pakati pa timizere tiwirito. Ngati zitsulo za kunsi zikutchinga tepi, tsitsani kachingwe kolemera kumapeto kuchokera pa kamzere kalikonse, mulembe pansi, n'kuyeza pansipo. Kenako kankhirani galimoto kutsogolo mpaka matayala azungulire theka, timizere tomweto tifike kutsogolo pa msinkhu womwewo, ndipo muyezenso. Kugwiritsa ntchito timizere tomweto kumachotsa chinyengo cha tayala lofufuma mbali imodzi kapena wilo yopindika. Nambala yakutsogolo ikachepa, muli ndi toe-in. Popeza tie rod yanu ili kumbuyo kwa ekiselo, kuitalikitsa kumakankhira kumbuyo kwa matayala kunja ndipo toe-in imawonjezeka. Pa galimoto imene ndodoyi ili kutsogolo kwa ekiselo zimakhala mosemphana. Potozani paipi pang'ono kwambiri nthawi iliyonse, chifukwa ulendo umodzi wa paipi umasuntha mfundo zonse ziwiri ndipo umasintha utali ndi mamilimita 3. Mukasintha, bwezerani galimoto m'mbuyo, muikankhirenso kutsogolo, n'kuyezanso.

Musanamange ma clamp, onetsetsani kuti kachikho kalikonse kakhala mowongoka pa chikhomo chake. Kamodzi kakapendekera kutsogolo kwinaku kanzake katapendekera kumbuyo, ndodo imakhala yomangika, mitu imapanikizika, ndipo mfundo zatsopano zimatha msanga. Mukamanga bwino, ndodo yonse iyenera kutembenuka pang'ono uku ndi uku mukaipotoza ndi dzanja. Ma clamp akhale pamapeto a paipi pamene pali kamng'alu, mabawuti ake aloze kumene sangakhule difu, damper kapena mikono ya ekiselo, ndipo amangidwe pa mlingo wa m'buku, umene ndi wotsika kwambiri kuposa wa manati a zikhomo. Kenako zunguzani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, mnzanu akuyang'ana kunsi ngati pali chokhula. Ngati mfundo zili ndi popopera girisi, poperani mpaka labala itangoyamba kufufuma n'kulekera pomwepo.

Mukayendetsa n'kupeza kuti chiwongolero chapendeka pamene galimoto ikuyenda mowongoka, musakhudze tie rod ndipo musazule chiwongolero kuti muchikhazike mwatsopano. Steering box ili ndi malo apakati pamene mano ake amalumana kwambiri, ndipo galimoto imayenda mosagwedera pokhapokha malo amenewo akagwirizana ndi matayala owongoka. Konzani potalikitsa kapena kufupikitsa drag link, imene siisintha toe. Zikatha izi pitanibe nayo ku makina a alignment. Pa ekiselo yathunthu chimene amasintha kawirikawiri ndi toe yokha, koma pepala la makinawo limasonyezanso camber ndi caster, kutanthauza kupendeka kwa tayala ndi kwa king pin, ndipo nambala zimenezo ndizo zingakuuzeni ngati ekiselo inapindika kapena ngati masipuling'i okweza achepetsa caster, zomwe zimachititsanso galimoto kuyendayenda ngakhale mfundo zonse zili zatsopano.

Matayala amene anatha kale m'mphepete sabwerera mwakale, ndipo akhoza kupitiriza kulira kapena kukokera mbali imodzi, ndiye ngati akadali ndi moyo muwapititse kumbuyo. Musanatuluke ulendo woyamba, jambulani kamzere ka penti kodutsa pa nati iliyonse ndi mkono wake, ndiponso pa paipi ndi mwendo wa mfundo. Yambani ndi liwiro lochepa pamsewu wopanda magalimoto ambiri, ndipo mukayenda makilomita 50 kapena 100, makamaka pamsewu wa mabampu, loweraninso kunsi. Muone ngati timizere tija tikadali tolunjika, ngati ma split pin onse alipo, ndipo mnzanu agwedezenso chiwongolero inu mutagwira mfundo iliyonse m'dzanja monga munachitira poyamba paja.